Chimera Chimene Bambo Anagaya

Lachisanu masana Namafunso anaweruka msanga kushopu kumene amakonza mafiriji, nafika pakhomo atakoleka paphewa payipi ya kopa yopindidwa mikombero khumi ndi iwiri. Anaipinda yekha nthawi ya nkhomaliro, akuizunguliza pa silinda yakale ya gasi, anzake apantchito akumuseka kuti wayamba kutcha misampha. Payipiyo ndiyo inali chida chomaliza pa mndandanda wake. Mawa lake ankafuna kudzaimiza m'poto wa madzi a chimera owira, madzi apampopi n'kumadutsa m'kati mwake, kuti zonse zizizire msanga majeremusi asanamve fungo.

Loweruka linali tsiku lake loyamba kufulula mowa kuchokera ku njere zenizeni. Anali atafululapo kawiri, koma ujawo unali mowa wa m'chitini: umagula manyuchi a chimera opangidwa kale, n'kusungunula m'madzi, n'kuthira yisiti, basi wayamba kudikira. Mowawo unamweka ndithu, koma sunamufike pamtima. Iye si wakumwa kwenikweni, tambula imodzi imamukwanira. Chimene chinkamusowetsa mtendere linali funso. Njere youma gwa, yoti ukaitafuna umangomva ufa m'kamwa, imasanduka bwanji shuga ikangokhala m'madzi ofunda ola limodzi? Anawerenga, anaonera mavidiyo pafoni mpaka batire kutha, koma ankafuna lilime lake lomwe limuuze. Dzina lakelitu sanalitole panjira. Anamupatsa ndi bambo ake ali ndi zaka zisanu, atatopa ndi "chifukwa chiyani" wa m'mawa, masana ndi madzulo.

Galaja inali yokonzeka kuyambira Lachitatu. Munali bokosi la pulasitiki losungira zakumwa zozizira, limene analibowola m'munsi n'kuikamo kampopi, ndipo pansi pake m'kati anagonekamo kapayipi kocheka timipata ndi sowo. Munali poto wa malita makumi atatu. Munali mathemometa awiri, poti iye chida chimodzi sachikhulupirira. Mahopu, timaluwa touma towawitsa mowa tija, anali m'firiji. Yisiti anali ataidzutsa kale m'botolo ndipo inkachita thovu pashelefu, yanjala, yosafuna kumva zoti tsiku lasintha. Pakona panali thumba la makilo asanu a chimera cha balele, chimene anachidikira masabata asanu ndi limodzi chiitanitsireni. Chimene chinatsala n'kuchiphwanya madzulo amenewo pa kachigayo kamanja kamene anakamangirira patebulo.

Kuphwanyatu, osati kugaya. Njere imangofunika kusweka pawiri kapena patatu, khoko lake n'kutsala lathunthu, chifukwa mankhusuwo ndiwo amasefa madzi otsekemera m'bokosi muja. Namafunso anali atatchera kale mano a kachigayoko, akupima mpata wake ndi khadi lakubanki.

Atatsegula chitseko cha galaja, anangoima chilili.

Munali mbuu. Fumbi loyera linali pa poto, pa mathemometa, pa chishalo cha njinga ya mwamuna wake. Fani ya pabalaza inali pansi, chingwe chake chitalowera pawindo. Thumba la chimera linali litapindidwa bwinobwino pampando, lopanda kanthu. Patebulo panali beseni lalikulu lodzaza ufa mpaka kusongoka, ndipo pambali pake panali bambo ake, nsidze zili mbuu, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa imene imawamverabe.

"Gwira," anatero bambowo. "Gwira umve."

Anagwira. Ufawo unaterera pakati pa zala ngati paudala wa khanda.

"Kachigayo kako kanali kolekera, kamangotafuna n'kulavula. Amene anakugulitsa anakupusitsa, mwanawe. Ndakamanga. Ndayamba ndakonola, mankhusu onse ndauluza ndi fani, kenako ndagaya kawiri n'kusefa. Ukapezamo khoko limodzi, ndodo yangayi ndi yako."

Bambo ake anagayira anthu mbewu zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anthu ankadutsa zigayo ziwiri, matumba ali panjinga, kulondola ufa wawo. Chaka chatha sitiroko inawagwetsa pambali pa makina, inatenga dzanja lamanzere ndi theka la mwendo, chigayo chinagulitsidwa, ndipo Namafunso anawatenga kudzakhala m'chipinda chakumapeto. Tsono makilo asanu, kupukusa katatu, ndi dzanja limodzi. Anayang'ana chikhatho chawo chamanja naona matuza awiri, limodzi litaphulika kale.

"Mwayamba nthawi yanji, Bambo?"

"Utangotuluka pageti. Ndinati mwana wanga asadzavutike akaweruka."

"Mwagwira ntchito," anatero Namafunso. Mawuwo anatuluka okha, poti pakamwa pake panali patazolowera chaka chonse. "Ndikubwera, ndikasambe m'manja."

Mwamuna wake anamupeza kukhitchini akuchonga makope a ana asukulu. Iye amamutchula kuti Aphunzitsi, akakondwa ndi akakwiya momwe.

"Mwaona zam'galaja?"

"Ndaona. Ndafika atatsala pang'ono kumaliza." Aphunzitsi anavula magalasi. "Ndinati ndiwaletse, koma ndinawapeza akuimba. Chibwerereni m'nyumba muno, munawamvapo madala akuimba?"

"Aphunzitsi, ufa uja ndikauthira madzi usanduka guluu. Pakampopi paja sipatuluka ngakhale dontho. Masabata asanu ndi limodzi ndikudikira."

"Ndiye musawauze. Madzi akatayika saoleka. Mawa tenthetsani madzi, takasani, nawo atakaseko, kenako ine ndipita nawo kokameta. Pobwera tidzapeza mwatsanulira kale m'chidebe. Chitini cha manyuchi chija chinatsala chimodzi m'kabati, si choncho? Pakatha mwezi tidzawauza kuti mowa wa ufa wawo wakoma. Wavulala ndani pamenepo?"

Nzeru imeneyi sinali yachilendo m'nyumbamo. Kunena mosapsatira, ndiyo inkayendetsa nyumba. Bambowo akasesa pakhonde, Aphunzitsi ankadikira kuti akagone n'kusesanso. Akatsuka makapu, Namafunso ankabwereza mwakachetechete, mpopi atautsegula pang'ono kuti usamveke. Atamanga ndi mphira payipi yodontha ya kubafa, Namafunso anaitana pulambala tsiku limene iwo anapita kuchipatala, n'kumupempha kuti akamaliza mphirayo aibwezeretse pamwamba. Pa dirafuti bambowo ndiwo ankapambana masewero onse, Aphunzitsi akugwira kumutu ngati zawawawa. Dokotala anati asamakhumudwitsidwe, basi banja lonse linasanduka fakitale ya "mwachita bwino, Bambo."

Namafunso anayang'ana kabati. Bodzalo linali losavuta, ndipo linali lachikondi, zimenezo sakanakana. Chimera chinamuwawa, inde, koma panali china chimene chinamuwawa koposa. Awa ndi bambo amene ankamubweza katatu kukamanganso lamba wa injini ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, akumuuza kuti makina sanamizika. Lero aziwasewera ngati mwana wopatsidwa foni yakufa kuti atonthole? Komanso ankaopa. Anawaona bambo ake ali gone pabedi la kuchipatala, pakamwa patapotoka, ndipo sankafuna kuti mawu ake ndiwo awabwezere kumeneko. Tsiku loyamba kuimba, iye n'kukawatseka pakamwa.

"Nanga akadzafunsa kuti ufa unayenda bwanji m'bokosi?"

"Safunsa."

"Ndi zimenezotu," anatero Namafunso. "Kale ankafunsa chilichonse. Munthu akabwera ndi thumba, ankafuna kudziwa kuti mbewuyo yalimidwa dothi lanji, yauma masiku angati. Analeka liti kufunsa?"

Aphunzitsi anavalanso magalasi. "Bambo ndi anu," anatero chapansipansi. "Koma mapiritsi awo ali pamwamba pa firiji, ngati angafunike."

Anabwerera m'galaja atanyamula ketulo ya madzi ofunda, sefa ya tiyi ndi kapu. Bambo ake anali akupukuta themometa ndi kansalu, ataipana pakati pa maondo.

"Bambo, ufa uwu ndi wosalala kuposa uliwonse umene ndinaugwirapo. Koma si umene ukufunika. Mwalakwitsa."

Liwulo linamveka m'galajamo ngati sipanala yagwera pa simenti. Bambowo anasiya kupukuta.

"Wati bwanji?"

"Mwalakwitsa, Bambo. Kachigayo kaja ndinakalekera dala. Taonani."

Anatapa masupuni atatu a ufa, nathira m'sefa, nathiramo madzi, natakasa ndi chala. Anaika sefayo pamwamba pa kapu. Linagwa dontho limodzi, lachiwiri linalendewera kanthawi n'kugwa, ndipo zinathera pomwepo. Madzi anangokhala pamwamba pa phalalo, ali phee.

"Mankhusu aja ndiwo sefa yake. Amakhala pansi m'bokosi, madzi otsekemera n'kumadutsa pakati pawo. Popanda iwo zonse zitsekeka chonchi, ndipo mawa ndilibe chowiritsa."

Bambowo anayang'ana sefayo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana beseni, n'kuyang'ana chikhatho chawo. Kumwetulira kuja kunali kutachoka, ndipo nkhope inatsala yopendekeka monga matenda anaisiyira. Anaika themometa patebulo, anafufuza ndodo, anadzuka ulendo wachiwiri atalephera woyamba. Namafunso anatambasula dzanja kuti awagwire.

"Ndisiye."

Sanalowere kunyumba. Analunjika kugeti, akukoka mwendo pa miyala, natsegula, natuluka.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Usanditsate."

Sanawatsate, koma miyendo inkamuyabwa. Anatenga kansalu kaja nayamba kupukuta poto, mbali imodzimodzi yomweyo, maso ali kugeti. Anadzida. Anadzifunsa kuti mowa n'chiyani, makilo asanu n'chiyani, kuti munthu achititse manyazi bambo ake omubereka, matuza ali m'manja. Aphunzitsi anabwera n'kuima pakhomo la galaja, botolo la mapiritsi lili m'thumba la malaya, likuonekera. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyang'ana wotchi, zimene zinali zopweteka kuposa kunena.

Panapita mphindi makumi awiri. Namafunso anali atavala kale nsapato pamene anamva mawu a mayi woweta nkhuku wa nyumba yachitatu, amene mawu ake amafika iye asanafike.

"Odi kuno. Ndabweretsa akuba anu."

Mayiyo analowa atanyamula ndowa, bambowo akutsatira pambuyo, thukuta lili kamukamu.

"Bambo anuwa m'mawa andipatsa mphatso, ati mukayalire anapiye. Ndathokoza, mpaka ndagwada. Masana ano abwera kudzalanda. Kodi kwanu kuno mphatso imakhala ndi chingwe?" Anatsitsa ndowa pansi. Munali mankhusu ofiirira, opepuka, ofika pakati. "Theka ndi limeneli. Theka linalo ndayala kale, ndipo anapiye asainapo. Ngati mukulifuna mukatenge nokha."

"Limenelo akhale nalo," anatero Namafunso.

"Mowawo ukapsa mundikumbuke. Ine sindimwa, koma ndimalawa." Mayiyo anatuluka akupukusa mutu.

Bambowo anadzigwetsa pampando napuma kaye mpaka chifuwa chinakhazikika. Namafunso anaviika dzanja m'ndowamo natapa. Makoko anali athunthu, ong'ambika pakati basi, ngati timabwato. Anawatembenuza pachikhatho, akudabwa. Kachigayo kake, ndi khadi lake lakubanki lija, sikakanawasiya okongola chonchi.

"Mwawachotsa bwanji osawaswa?"

"Ndinawaza timadzi pa njere ndisanakonole. Khoko likanyowa pang'ono limavuka ngati malaya. Zimenezo pafoni pako palibe?" Anakoka mpando kuyandikira tebulo. "Tsopano khala pansi undiuze bwinobwino. Chimera ndagayirapo anthu kambirimbiri, ndipo onse ankafuna ufa. N'chifukwa chake sindinakufunse, ndiye ndadya phula. Koma chinthu chimodzi palibe anandiyankhapo. Ndikafunsa kuti kutsekemerako kumachokera kuti, ankangoti ndi mmene zimakhalira. Iwe ukudziwa?"

Namafunso anakhala pa chidebe chovundikira. Anawauza kuti njereyo amayamba aiviika mpaka iyambe kumera, kenako n'kuiumitsa mwadzidzidzi. Ikamamera imadzutsa tinthu tina m'kati mwake, tosaoneka ndi maso, timene ntchito yake n'kuduladula ufa kuti ukhale shuga wodyetsa mphukira. Ikauma tinthuto timagona. Ukatipatsa madzi ofunda timadzukanso n'kupitiriza ntchito, tosadziwa kuti mphukira inafa kale.

"Ndiye mumainamiza njere kuti mvula yagwa."

"Eya."

"Kenako n'kuilanda kamba wa mwana wake." Bambowo anapukusa mutu. "Anthu ndinu oipa. Madziwo ofunda bwanji?"

"Madigiri 66."

"Chifukwa chiyani 66? Akakhala 80?"

"Timafa."

"Akakhala 50?"

"Timachita ulesi."

"Ngati anyamata anga akuchigayo m'mwezi wozizira. Nanga ufa wosalala timaukana?"

Namafunso anaganiza kaye. "Ayi. Ndiye timaukonda, poti sitivutika kulowa. Vuto ndi potuluka basi."

"Ndiye theka la ntchito yanga ndi labwino." Anagogoda tebulo ndi chala. "Tiyese pang'ono lero, tisadikire kuchita manyazi mawa. Uli ndi fulasiki? Mkamwini, m'malo moima pamenepo ngati mlonda, tapezani chitini ndi msomali."

Aphunzitsi anathamanga, ndipo mapiritsi analira m'thumba.

Namafunso anapima pasikelo magalamu mazana awiri a ufa, napatula mankhusu ogwirizana ndi ufawo, osapitirira, kuti zoyesazo zisawanamize za mawa. Anatenthetsa madzi kufika 72, poti ufa wozizira umaba kutentha. Ankati athire ufa wonse kamodzi, koma ndodo inamugunda pa bondo.

"Pang'onopang'ono, ukutakasa. Ufa wosalala ukauthira kamodzi umapanga zibulumwa, kunja konyowa m'kati mouma. Ndipo mankhusuwo uyambe wawanyowetsa. Ouma angoyandama pamwamba ngati alendo."

Zimenezi sanaziwerengepo paliponse. Anachita monga anauzidwa. Bambowo anagwira themometa, akuisendeza kutali ndi maso mpaka manambala anaoneka.

"67."

"Zili bwino."

"Unati 66."

"Imodzi siipha."

"Ukadanena choncho pa lamba wa injini, ndikadakubweza." Anayang'anabe mpaka inatsika yokha. "Eya, 66. Tseka."

Asanatseke, Namafunso anawapatsa supuni kuti alawe. Anatafuna m'kamwa, nakwinya mphuno. Madzi a ufa basi, osakoma, osatsekemera. Anatseka fulasiki, naiika pakati pa tebulo, nayang'ana nthawi. Panalibenso chochita koma kudikira ola lathunthu. Aphunzitsi anabowola chitini timabowo khumi ndi tiwiri nakhala pakhomo. Namafunso anatenga mankhwala ndi bandeji nayamba kumanga matuza aja, ndipo bambowo anamulola.

"Muli m'kati mukugwira ntchito tsopano?" anafunsa, akuloza fulasiki ndi chibwano.

"Mukugwira."

"Popanda phokoso, popanda dizilo." Kenako, maso ali pa fulasiki pomwepo, anati, "Mphira ija ndinamanga kubafa, mfundo yake ndinaimangira kumanja. Nditabwera kuchipatala ndinaipeza ili kumanzere."

Namafunso anasiya kukulunga bandeji.

"Makapunso ndimamva. Mpopi uja ukautsegula pang'ono ndi pamene umalira kwambiri. Ndipo mkamwini wangayu dirafuti amaidziwa, koma bodza salidziwa. Munthu wophunzitsa masamu angasiye makomo atatu otsegula tsiku lililonse?"

Aphunzitsi anayang'ana msomali umene unali m'manja mwawo ngati auona koyamba.

"Bwanji simunanene, Bambo?" anafunsa Namafunso.

"Ndinene chiyani? Munkachita ndi mtima wabwino. Munthu wodyetsedwa sadandaula kukula kwa supuni." Anameza malovu, zimene chichitikireni matenda zimawatengera nthawi. "Koma ndinkagona m'chipinda muja n'kumaganiza kuti mwina ndinafa kuchipatala kuja, mukungochita manyazi kundiuza. Pajatu munthu amene salakwa, amene aliyense amangomuyamikira, ndi amene ali m'bokosi. Lero utanena kuti mwalakwitsa, zinandiwawa mpaka m'mafupa. Ndafika pageti paja ndili ndi ukali woti ndikuswe ndi ndodoyi. Ndiye ndinati, aa, kani ndikadali moyo."

Namafunso anamaliza kumanga bandeji, misozi ikugwera pa mfundo. Anachita manyazi, komanso mtima unapepuka, zonse nthawi imodzi.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero Aphunzitsi ali pakhomo, pofuna kuthandiza.

"Inu mkamwini musalowetsepo miyambi. Mawa madzulo tidzasewera, ndipo mukadzasiyanso khomo lotsegula ndidzakutsinani khutu lenilenilo."

Ola litakwana, Namafunso anatsegula fulasiki. Fungo linatuluka lina, la buledi wongophulidwa kumene. Phala lija linali litasungunuka, lili madzimadzi, loderako. Anaviika supuni napatsa bambo ake poyamba. Analawa, natseka maso, nalawanso.

"Wathiramo shuga ndikuyang'ana kumbali."

"Sindinathire."

"Mkamwini, wathira?"

"Sanathire, Bambo. Ndipo bodza mwanena kale kuti sindilidziwa."

Namafunso analawa naye. Kutsekemerako kunamata milomo, kunafika mpaka kukhosi. Anali atawerenga zimenezi kakhumi, ankadziwa kuti zichitika, komabe anaseka yekha ngati wapeza ndalama m'thumba la malaya akale. Njere inalidi ndi shuga wake, inkangodikira kufunsidwa bwino.

Linatsala funso lalikulu, loti madziwo atuluka kapena ayi. Namafunso ananyamula chitini chobowola chija m'mwamba, Aphunzitsi anagwira fulasiki kuti atsanulire.

"Osakhuthula," anatero bambowo. "Makina ukawapatsa zambiri amatsamwa. Thirani pang'ono, mankhusu akhale pansi ayale mphasa yawo. Mawanso kampopi kako udzatsegule pang'ono, ngati mmene umatsegulira potsuka makapu anga. Kapu ija ndipatseni, ndigwira ndine."

Anaitenga ndi dzanja la bandeji, koma bandejiyo inkaterera. Anaisamutsira ku dzanja lamanzere, lodwala lija, nalichirikiza pa bondo, zala zitazungulira kapu mokakamizika. Aphunzitsi anatsanulira. Poyamba sipanatuluke kanthu. Onse atatu anaweramira chitinicho, mitu itatsala pang'ono kugundana. Kenako pa kabowo kamodzi panatupa dontho loyera ngati mkaka, linagwa, linatsatira lina, ndipo timabowo tina tinayamba kuyankha. Madonthowo anayamba kudera, n'kuyamba kuwala, mpaka anakhala kamtsinje kopyapyala ngati ulusi, kodukaduka koma kosaleka.

"Akuyenda," anatero Aphunzitsi monong'ona.

"Akukwawa," anatero Namafunso. "Apa ndi magalamu mazana awiri. Mawa ndi makilo asanu, kulemera konseko kudzapondereza mankhusu ochepawa. Zikhoza kutenga maola atatu. Zikhozanso kutsekeka pakati."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero bambowo. "Koma zikhoza kukanika, eti?"

"Zikhoza, Bambo."

Anagwedeza mutu, maso ali pa kamtsinjeko. "Zikakanika, anzako akushopu akadzafunsa, usadzanene kuti chimera chinabwera choipa, kapena kuti kachigayo n'kachabe. Udzanene kuti bambo anga anagaya mopitirira. Cholakwa chimenechi n'changa, ndachigwirira ntchito tsiku lonse. Usandilande."

"Sindikulandani."

Dzanja lamanzere lija linali litayamba kunjenjemera. Kapu inapendekeka pang'ono, ndipo madontho anayamba kugwera m'mphepete, ena pa thalauza, ena pa simenti. Dzanja la Namafunso linanyamuka lokha kuti likagwire kapuyo. Analibweza.

"Mukutaya, Bambo."

"Ndaona."

Analuma mlomo, nakankha chigongono ndi bondo, nasendeza kapuyo pang'onopang'ono mpaka inafika pansi pa chitini. Dontho lotsatira linagwera pakati.